Silabu Nayonso Ifuna Kufolera

Munthu aliyense woyenda m'misewu ya Kawale, Biwi ndi Area 23, m'dera la Mfumu Tsabango, kapenanso ku Chinsapo, Area 25 kufikira ku Mgona, aona mamangidwe amene anthu oyamba kukhala m'makomboni amenewa sanawadziwe. Pamene kale panali timagolosale ta malata, lero pali mizere ya masitolo, mosungira katundu, mogulitsira mankhwala ndi maofesi ang'onoang'ono. Ndipo pamwamba pa nyumba zambiri za mtundu umenewu palibe malata konse, koma konkire yoyalidwa mwathyathyathya imene amisiri aitcha silabu. M'ngodya zake mutuluka zitsulo zoloza kumwamba ngati mapesi otsala m'munda atakolola. Zitsulo zimenezo ndizo lonjezo la mwini nyumba lakuti tsiku lina, ndalama zikapezeka, adzasanja nyumba ina pamwamba pake.

Ife sitinyoza lonjezo limeneli ai. Koma tsiku lina lija lichedwa, ndipo masilabu ambiri aona madzinja asanu, ena khumi, ali chidikirire. Mau athu lero ndi akuti silabu imene inathiridwa kuti ikhale pansi pa chipinda cham'mwamba, ikasiyidwa poyera yasanduka denga, kaya mwini wake afuna kaya safuna. Ndipo denga liri lonse, la udzu, la malata kapena la konkire, lifuna kufolera ndi kuliyendera chaka ndi chaka. Tilankhula ndi inu ogwira ntchito m'Boma ndi inu aphunzitsi chifukwa nkhaniyi ikukhudzani pawiri. Ena a inu ndinu eni ake a nyumba zimenezi, pakuti nzodziwika kuti wopuma pa ntchito, kapena wotenga ngongole ku SACCO, aganiza msanga zomanga kasitolo kuti lendi idzamsunge pa ukalamba. Ena a inu ndinu amene mupenda mapulani, mulemba bajeti ndi kusunga makiyi a nyumba za Boma.

Tiyambe ndi kuvomereza kuti osankha silabu sapusa. Mu 1966 Lilongwe inali tauni ya anthu osakwana 20,000, koma itasanduka likulu la dziko mu 1975 inakula mofulumira, kotero kuti kalembera wa 2018 anawerenga anthu 989,318 mumzindamu. Malo a m'mbali mwa msewu adula, ndipo amene ali ndi kapoloti kake alibe kolowera kwina koma kukwera m'mwamba. Ndiponso wakuba amene akanganula lata usiku umodzi sangaboole silabu. Mphepo ya mkuntho imene isasula masukulu ndi matchalitchi dzinja liri lonse siinyamula konkire. Ndipo moto wochokera kwa mnansi suyenda pa konkire monga uyendera pa mapaso. Ubwino umenewu ngoona. Cholakwa chiri m'ganizo lina limene libisala kumbuyo kwake, lakuti konkire ndi mwala, mwala sudontha, ndipo amene wathira silabu wathana nazo za denga moyo wake wonse.

KONKIRE SI MWALA

Konkire ndi simenti, mchenga, miyala ya kwale ndi madzi, ndipo madzi opitirira muyeso akauma asiya timayenje tosaoneka ndi maso m'mene mvula ipita pang'onopang'ono. Pa nyumba zazikulu konkire isakanizidwa ndi makina ndi kupimidwa. M'makomboni mwathu kawirikawiri isakanizidwa ndi mafosholo, ndipo anyamata onyamula zitini aonjeza madzi kuti ithirike mosavuta. Mchenga wina ubwera ndi dothi lake kuchokera ku dambo. Makina ogwedeza konkire kuti ikhazikike bwino sapezeka, motero m'kati mutsala mapanga onga zisa za njuchi. Silabu yatsopano ifuna kuthiriridwa madzi sabata yathunthu kapena kuposa, koma kumene madzi agulidwa pa ndowa mwini nyumba aleka tsiku lachitatu. Choopsa kwambiri ndi pamene matumba a simenti atha ntchito iri pakati, amisiri nadikira kuti mwezi uthe ndi malipiro a bwana abwere. Pokumana konkire yakale ndi yatsopano patsala msoko, ndipo madzi, amene saiwala khwawa, adzaupeza msoko umenewo pa mvula yoyamba.

Madzi akalowa, chimene avulaza ndi zitsulo. Konkire ipirira kupsinjidwa koma siipirira kukokedwa, nchifukwa chake amisiri ayala zitsulo chakunsi kwa silabu, pakuti ndi kunsi kumene silabu ikokedwa ikalemedwa. Chitsulo chokwiriridwa bwino, mamilimita 25 kapena kuposa m'kati mwa konkire, chitetezedwa ku dzimbiri kwa zaka zambiri. Koma pamene zitsulo zinagona pa matabwa penipeni pothira, kapena pamene madzi alowa ndi kuuma, kulowanso ndi kuumanso, chitetezo chimenecho chitha. Tsono dzimbiri liri ndi khalidwe loipa: litupa kangapo konse kuposa chitsulo chimene ladya, ndipo potupa likankha konkire kuchokera m'kati. Poyamba muona banga lofiirira kudenga, kenaka mng'alu wowongoka wotsata chitsulo, ndipo tsiku lina chibenthu cha konkire chigwera pa kauntala. Zitsulo zija zotuluka m'ngodya zichita zoipa zoposa, pakuti zitsogolera madzi kulowa m'mizati monga chingwe cha koloboyi chikokera parafini. Mwini nyumba akadzapeza ndalama zosanjira, apeza kuti zimene anazidalira zadyeka pa tsinde.

Aphunzitsi a masamu angapereke samu iyi kwa ana a Sitandade 7. Milimita imodzi ya mvula pa sikweya mita imodzi ndi lita imodzi ya madzi, ndipo lita imodzi ilemera kilogalamu imodzi. Mzere wa masitolo wa mamita 20 m'litali ndi mamita 10 m'lifupi uli ndi denga la masikweya mita 200. Mvula ya mamilimita 50, imene ingagwe madzulo amodzi a Januwale popanda wina kudabwa, itsitsa pa denga limenelo malita 10,000, ndiwo zigubu 500 za malita 20, ndiwo matani 10. Pa chaka, pamene mzindawu ulandira mamilimita 800 kapena kupitirira, denga lomwelo lilandira malita osachepera 160,000. Tsono ngati denga lazunguliridwa ndi kakhoma, ndipo paipi yotsitsira madzi yatsekeka ndi majumbo ndi masamba a mango, madzi akakwera masentimita 15 okha alemera matani 30, ndiko kunena matumba 600 a simenti osanjidwa pamwamba pa ogula ndi ogulitsa. Silabuyo payokha, ngati iri yochindikala masentimita 15, ilemera kale matani oposa 70. Okhala ku Kawale, Kaliyeka ndi Chipasula, amene anaona madzi osefukira a mu Disembala 2017, safuna wowauza kuti mvula ya mzinda uno ingagwe yochuluka motani pa maola ochepa.

DZUWA LING'AMBA, MVULA ILOWA

Ngakhale ziri tero, mdani woyamba wa silabu ndi dzuwa. Mvula ingobwera kudzamaliza. Lilongwe iri pafupifupi madigiri 14 kumwera kwa equator, kotero kuti dzuwa liima pa liwombo penipeni kumapeto kwa Okutobala, ndi kachiwirinso mu Febuluwale. Konkire ikatentha ifutukuka, ikazizira ifupika; silabu ya mamita 20 imene masana itentha madigiri 30 kuposa m'bandakucha italika pafupifupi mamilimita 6, nibwerera usiku. Mamilimita 6 aoneka ochepa, koma khoma limene lanyamula silabu silisuntha nayo limodzi, ndipo kukokana kumeneku tsiku ndi tsiku ndiko kubala mng'alu uja wopingasa umene muona pansi pa silabu pa masitolo ambiri. Onani tsono kutsatana kwake: chilimwe ching'amba mu Seputembala ndi Okutobala, chizimalupsa chifika, ndipo pofika Disembala ming'alu yonse yamwa.

Kutentha komweko kuvutitsanso okhala pansi pake. Lata litentha msanga ndi kuzizira msanga dzuwa likalowa, koma konkire isunga moto monga mafuwa, niutulutsa usiku wonse. Mankhwala ambiri alembedwa pa bokosi kuti asungidwe pa malo osapitirira madigiri 25 kapena 30. Mbeu ya chimanga yodikira dzinja ifooka pa malo otentha ndi a chinyontho. Mafiriji agwira ntchito osapuma, ndipo mayunitsi a magetsi atha mwezi usanafike pakati. Wochita lendi ayamba kukaikira mita yake, pamene wakudya ali pamwamba pa mutu wake. Mankhwala oyamba a vuto limeneli ngotsika mtengo, pakuti denga loyera libweza dzuwa ndipo lakuda limeza. Mzinda wa Ahmedabad ku India, umene utentha kuposa kwathu kuno, unayamba mu 2017 kupaka njereza yoyera pa madenga a anthu osauka masauzande angapo, ndipo m'nyumbazo munazizirirako ndi madigiri angapo. Njereza kwathu kuno siisowa.

Makolo athu analibe konkire, koma za denga anazidziwa kutiposa. Udzu unamwetedwa mu Juni ndi Julayi, nusungidwa m'mitolo, ndipo pofika Okutobala mwamuna amene nyumba yake inali yosafolera anali choseketsa cha mudzi wonse. Palibe amene anati nyumba yalephera chifukwa ifuna udzu watsopano. Kufolera kunali mbali ya chaka monga kusosa ndi kupalira. Denga lafulati kwao nkumaiko ouma, monga Egypt ndi m'mphepete mwa chipululu cha Sahara, ndipo ngakhale kumeneko nyumba sizisiyidwa: anthu a ku Djenné, m'dziko la Mali, ali ndi mwambo wotuluka mzinda wonse kamodzi pa chaka kukamata mzikiti wao waukulu wa dothi. Ku Zanzibar, kumene mvula ndi yambiri, nyumba zakale za miyala zinamangidwa ndi madenga afulati a mitengo ndi njereza, koma m'kupita kwa nthawi eni ake ambiri anaimika madenga a malata pamwamba pa afulatiwo kuti athane ndi kudontha, ndipo ofika kumeneko awaona kufikira lero.

Ife tiganiza kuti nzeru ya ku Zanzibar iyenera ambiri a ku Kawale ndi Area 23. Munthu adzifunse moona mtima, cholembera chiri m'manja, ngati adzasanjadi nyumba yam'mwamba madzinja awiri asanathe. Ngati yankho ndi lakuti ai, aimike denga lopepuka la malata pamwamba pa silabu, lotsetsereka bwino, lomangiriridwa zolimba kuopa mphepo, ndi mpata wa mpweya pakati. Denga lotere litchinga mvula ndi dzuwa pamodzi, kalipentala wamba wa m'dera alidziwa, ndipo tsiku losanja malata ndi matabwa omwewo akwera kukafolera nyumba yatsopano, osataya kanthu. Ena achita manyazi, nati malata pa silabu aonetsa kuti ndalama zinatha. Zinathadi, ndipo anansi onse anadziwa kale poona zitsulo za dzimbiri zija.

Amene afuna kuti denga likhalebe lafulati, kaamba ka thanki, masola kapena maonekedwe, adziwe kuti denga lafulati labwino silikhala lafulati kwenikweni. Malangizo a kamangidwe a ku Britain anena kuti polemba pulani denga litsike mita imodzi pa mamita 40 ali onse, kuti likatha kumangidwa kutsika kwake kusachepere mita imodzi pa mamita 80. Kunena kwina, pa denga la mamita 10 wolemba pulani aike mbali imodzi pansi ndi masentimita 25. Silabu yothiridwa kuti ikhale pansi pa chipinda inasalazidwa dala, motero ifuna matope a simenti ndi mchenga oyalidwa motsetsereka kuloza kumene kuli mapaipi. Mapaipiwo akhale awiri kapena kuposa, aakulu, okhala ndi kasefa pakamwa. Ndipo pa kakhoma pabooledwe bowo lina m'mwamba pang'ono, kuti paipi ikatsekeka madzi atulukire poonekera ndi kuchenjeza anthu.

Pamwamba pa matopewo ndi pamene pabwera chotchinga madzi. Chofala ndi mphasa za phula zogulitsidwa zokulunga, zochindikala mamilimita 4, zimene amata ndi moto wa gasi. Zilumikizidwe mopitirirana, ndipo m'mbali zikwere pa kakhoma masentimita 15 ndi kulowetsedwa m'khomamo, pakuti madenga ambiri adontha m'ngodya, m'mbali ndi pozungulira mapaipi, osati pakati ai. Phula lakuda losiyidwa pa dzuwa liuma ndi kusweka, chifukwa chake lipakidwe utoto wa siliva kapena woyera, ndi kubwereza pakapita zaka ziwiri kapena zitatu. Amene angathe ayala pamwamba pa phulalo matabwa opepuka a pulasitiki ya thovu, a mtundu wa ija ikuta mafiriji atsopano m'makatoni koma olimba kuposa, nawapsinja ndi miyala ya kwale. Amenewa atchinga kutentha kuti kusafike pa konkire ndi kuteteza phula nthawi imodzi, ngakhale kulemera kwa miyalayo kuyenera kuwerengedwa poyamba. Zitsulo zotuluka zipalidwe dzimbiri ndi burashi ya waya, zipakidwe phala la simenti, ndi kukwiriridwa m'kachipilala ka konkire yofooka kamene kadzaphwanyidwa mosavuta tsiku losanja.

Pano pafunika kuchenjeza za anyamata oyenda ndi chitini cha phula losungunula, olonjeza kutseka kudontha tsiku limodzi. Madzi olowa pa ngodya ya kum'mawa angatulukire chakumadzulo, chifukwa ayenda m'kati mwa konkire motsata zitsulo ndi mapaipi a mawaya a magetsi. Wopaka pamwamba penipeni pa banga apaka malo olakwika. Ndiponso phula lopakidwa pa silabu yonyowa litsekera madzi m'kati, dzuwa likawomba nthunzi itukula matuza, matuzawo naphulika. Akale anati safunsa anadya phula. Wa masiku ano saalidya, angoligula chaka chiri chonse.

Kuvuta kwa madzi ndi magetsi kwasandutsa madenga ambiri nkhokwe. Thanki ya malita 5,000 ikadzadza ilemera matani 5 pa malo osakwana masikweya mita 4, ndipo malo ake ndi pamwamba pa mzati kapena khoma lonyamula, osati pakati pa chipinda. Oika masola, madishi a kanema ndi zikwangwani za malonda aboola phula ndi konkire osafunsa, pamene bowo liri lonse ndi khomo la madzi. Ena aunjika njerwa ndi mchenga pa denga pokonzekera tsiku lija losafika. Ku Seoul, m'dziko la South Korea, sitolo yaikulu ya Sampoong inagwa pa 29 Juni 1995 ndi kupha anthu 502; ofufuza anapeza kuti eni ake anaonjeza nsanjika yachisanu pa nyumba yolinganizidwira nsanjika zinayi, ndiponso kuti makina olemera oziziritsa mpweya anakokedwa pa denga mpaka kuling'amba. Nyumba zathu nzazing'ono, koma lamulo la kulemera ndi limodzi, ndipo funso lakuti maziko ndi mizati zinganyamule chiani liyenera injiniya, osati kapitawo. Tisaiwalenso kuti chivomezi cha ku Salima cha mu Malichi 1989 chinagwedeza ndi Lilongwe yomwe. Silabu yolemera pa mizati yodyeka ndi dzimbiri siyenera kuyesedwa motero.

NDOWA YA M'OFESI

Chitsanzo chimene tifuna kuti ogwira ntchito m'Boma achiganizire kwambiri nchochokera ku Canada, dziko lolemera la mainjiniya ambiri. M'tauni ya Elliot Lake munali nyumba ya masitolo yotchedwa Algo Centre, yotsegulidwa mu 1980, imene denga lake lafulati linalinso poimika magalimoto. Denga limenelo linadontha kuyambira pachiyambi. Kwa zaka zoposa 30 ogulitsa anatchera ndowa ndi mapepala a pulasitiki, laibulale ya tauni imene inali m'menemo inafunditsa mabuku ake, ndipo nyumbayo inapita m'manja mwa eni atatu otsatana, aliyense namata ming'alu ndi kusiyira womtsata ntchito yaikulu. Madzi, osakanikirana ndi mchere umene kumeneko athira m'misewu nyengo ya chisanu, anadya polumikizira zitsulo, ndipo pa 23 Juni 2012 mbali ya denga inagwa nipha amai awiri. Bungwe lofufuza lotsogozedwa ndi woweruza Paul Bélanger linapereka lipoti lake mu 2014, ndipo linapeza kuti kudonthako sikunali kobisika: eni nyumba, akuluakulu a tauni ndi mainjiniya anakudziwa, ndipo patangotsala milungu yochepa kuti denga ligwe injiniya wina analemba kuti nyumbayo inali yolimba. Kwathu kulibe mchere wa m'misewu, motero dzimbiri liyenda pang'onopang'ono kusiyana ndi kumeneko. Koma ndowa yotchera madzi m'ofesi, imene mesenjala aikhuthula m'mawa uli wonse kufikira onse aizolowera ngati mpando, tiidziwa bwino.

Boma laika kale zipangizo zoyenera. Lamulo la mapulani a malo la 2016 lifuna kuti womanga mumzinda atenge chilolezo. Khonsolo ya Mzinda wa Lilongwe ipenda mapulani. Ndipo kuyambira pa lamulo la 1996, limene linakhazikitsa National Construction Industry Council, makontilakita alembedwa m'kaundula. Chosowa, m'kuona kwathu, nchaching'ono. Pulani yobwera ku Khonsolo ionetsa nyumba yonse, nsanjika ziwiri ndi denga lake, ndipo ivomerezedwa motero; koma chomangidwa ndi theka lake, ndipo theka limenelo lilibe denga pa pepala liri lonse. Tipempha kuti wofuna kumanga m'zigawo anene poyera, naonetse pa pulani m'mene silabu idzatetezedwera pa zaka zodikira. Ndipo woyendera masitolo pa za chiphaso cha malonda, amene aona kale zimbudzi ndi ukhondo, akwezenso maso ake kudenga. Masukulu a ntchito zamanja, monga Lilongwe Technical College, pamodzi ndi TEVETA, angathandize pophunzitsa amisiri ambiri luso lotchinga madzi pa madenga a konkire, kuti mwini nyumba akhale ndi wa satifiketi womfunsa.

Nyumba za Boma lenilenilo zifuna mau akeake. Zambiri za ku likulu zinamangidwa m'zaka za m'ma 1970, m'masiku a Capital City Development Corporation imene inakhazikitsidwa mu 1968. Tsopano ziri ndi zaka pafupifupi 50, ndipo palibe phula limene likhala zaka zotere osalikonzanso. Ndalama zokonzera zituluka m'thumba la ORT, lomwelo la mafuta a galimoto, mapepala ndi maulendo, ndipo thumba likachepa, denga, limene silidandaula pa msonkhano, ndilo liyamba kudulidwa. Ife tinena kuti ofesi, chipatala ndi sukulu iri yonse ikhale ndi kabuku ka denga, kolembamo tsiku, dzina la wokwera, chimene waona ndi chimene chachitidwa. Galimoto ya Boma iri ndi buku lake lolembamo maulendo ndi makilomita. Nyumba, imene idula kuposa galimoto kutalitali, ndi chifukwa ninji isowa lake? Mkulu akasamutsidwa, kabuku katsala, ndipo wobwera sanganene kuti sanadziwe, ngakhalenso wopempha ndalama ku likulu ali ndi umboni wa zaka zingapo m'malo mwa kalata imodzi ya madandaulo. Nzoona kuti makalasi ambiri ndi a malata, koma makhonde, zimbudzi, zipinda za sayansi ndi nsanja za mathanki za konkire zilipo m'masukulu, ndipo mphunzitsi wamkulu angayambe kabuku kameneka ndi kope limodzi osadikira chilolezo cha munthu.

Adzati ena: ndalama zake ziri kuti, pamene zipangizo zomangira zakwera mtengo chotere? Funsoli nloona, koma liyang'ana mbali yolakwika. Kusesa denga ndi kutsegula mapaipi kufuna tsache, makwerero ndi ola limodzi. Kumata mng'alu umodzi ndi kupaka njereza kufuna ndalama zimene sitolo imodzi ipeza pa masiku ochepa. Chodula ndi kugumula konkire yovunda, kusintha zitsulo ndi kuchirikiza silabu ndi mitengo, sitolo iri chitsekere ndipo lendi osalowa. Ndipo a inshuwalansi kawirikawiri salipira zoonongeka pang'onopang'ono chifukwa cha kusasamala. Tilangiza kuti mwini nyumba apatule lendi ya mwezi umodzi pa chaka kuti ikhale ya denga, aisunge payokha, ndipo asaikhudze ngakhale pa fizi. Pangano la lendi nalonso linene momveka amene asesa denga, amene akonza likadontha, amene aloledwa kuikapo thanki kapena kuboolapo, ndi amene alipira matumba a shuga ndi ufa akanyowa; pakuti wochita lendi ndiye aona banga poyamba, koma akadziwa kuti kunena kudzamkwezera lendi angokhala chete ndi kusuntha mashelefu.

Nthawi yoyendera denga ndi Seputembala ndi kuchiyambi kwa Okutobala, silabu iri youma. Kachiwiri mu Meyi, mvula itatha. Ndipo kamodzi mvula yaikulu itangoleka, kuti muone ndi maso pamene madzi aima. Madzi okhalabe patapita masiku awiri asonyeza kuti pamenepo patitimira, ndipo ndi pomwepo udzudzu uswana. Wokwera asakwere yekha, asayende m'mphepete, ndipo achenjere ndi mawaya a magetsi odutsa pafupi. Koma pali zizindikiro zina zimene sizifuna tsache: silabu yowerama pakati, mng'alu wokula mwezi ndi mwezi, zitsulo zoonekera kunsi, zitseko zoyamba kukanika kutseka, kapena mzati wobenthuka. Zimenezi zikaoneka, thanki ikhuthulidwe tsiku lomwelo, anthu ndi katundu achoke pansi pake, ndipo aitanidwe injiniya wolembedwa m'kaundula, amene alembe zimene waona ndi kusainira dzina lake.